MANJA AMBIRI PA NTCHITO IMODZI: ZA GENE AMDAHL NDI LAMULO LAKE

Awa ndi mau amene anakambidwa kwa alimi ndi aphunzitsi a ku Tsangano, m'boma la Ntcheu. Tawalemba muno kuti anzathu a m'madera ena awerengenso.

Ndathokoza kuti mwasiya makasu ndi mabuku anu kudzamva mau awa. Nkhani imene ndadza nayo lero ndi ya munthu wa ku America, dzina lake Gene Amdahl, amene anali katswiri wopanga makompyuta. Kapena ena mwa inu muli kufunsa mumtima kuti, "Nanga ife alimi a kachewere ndi kabichi, za makompyuta a ku America zitithandiza chiyani?" Funsoli ndi labwino, ndipo ndiliyankha. Chimene munthu ameneyu anapeza ndi chinthu chimene mlimi aliyense wa kuno amachiona pa dima, ndiponso chimakhudza mau a zanyengo amene timamva pa wailesi tisanabzale kapena kukumba.

Dima ndi kompyuta

Tiyambe ndi zimene tidziwa tonse. Munthu akakhala ndi munda waukulu amafulula mowa kapena kuphika thobwa, naitana anzake ku dima. Mwini munda amagawa ndime, aliyense nagwira yake, ndipo munda umene munthu mmodzi akadalima mwezi wathunthu umatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo sananame.

Tsono kompyuta ndi makina owerengera. M'kati mwake muli kachipangizo kotchedwa purosesa, ndipo ndiko kamene kamachita masamu onse: kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa, kugawa, ndi kuona kuti mwa nambala ziwiri yaikulu ndi iti. Purosesa imodzi ili ngati mlimi mmodzi ndi khasu lake, pakuti imagwira samu imodzi, ikatha nigwira ina, ngakhale imachita zimenezi mofulumira koposa. Munthu akafuna kuti makinawa amalize ntchito msanga ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndiyo kupanga purosesa imodzi yaliwiro kwambiri, monga kufuna mnyamata wamphamvu ndi kumpatsa khasu lakuthwa. Yachiwiri ndiyo kulumikiza mapurosesa ambiri ndi kuwagawira ndime, kuti onse awerengere nthawi imodzi. Njira yachiwiriyi akatswiri amaitcha parallel computing, koma ife kuno tingoti ndi dima la makompyuta. Mkangano wa njira ziwirizi ndiwo unatchukitsa dzina la Amdahl.

Mwana wa mlimi

Gene Amdahl anabadwa pa 16 November 1922 ku Flandreau, m'dera la South Dakota ku America. Makolo ake anali alimi, ndipo iye anakulira pa munda. Sukulu yake yoyamba inali ya chipinda chimodzi chokha, yopanda magetsi, ana aakulu ndi aang'ono kuphunzira pamodzi. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse anatumikira m'gulu la asilikali a pamadzi, ndipo nkhondo itatha anabwerera ku sukulu, natsiriza maphunziro ake pa koleji ya South Dakota State mu 1948. Atatero anapita ku yunivesite ya Wisconsin kukaphunzira za tinthu ting'onoting'ono timene timapanga zinthu zonse.

Kumeneko anapatsidwa masamu ovuta amene anamtayitsa masiku ambiri pa makina owerengera. Ntchito yotopetsayo inampatsa maganizo akuti payenera kukhala njira ina. Choncho anajambula kompyuta yakeyake, imene inatchedwa WISC, ndipo ndi ntchito imeneyo analandira digiri ya udokotala mu 1952. Chaka chomwecho kampani yaikulu yopanga makina owerengera, ya IBM, inamlemba ntchito. Anathandiza kupanga kompyuta yotchedwa IBM 704, ndipo pambuyo pake, pamodzi ndi anzake Fred Brooks ndi Gerrit Blaauw, anatsogolera kapangidwe ka makina otchedwa System/360, amene analengezedwa pa 7 April 1964. Makina amenewa anali ngati banja limodzi, ena aang'ono ena aakulu, koma onse omva malangizo amodzimodzi, kotero kuti wogula akafuna makina okulirapo sankayenera kulembanso malangizo ake onse. Mabanki, makampani ndi maboma ambiri anagula makinawa.

Mu 1970 Amdahl anachoka ku IBM nayamba kampani yake, Amdahl Corporation, yopikisana ndi mabwana ake akale, ndipo makina ake oyamba anagulitsidwa mu 1975. Anamwalira pa 10 November 2015 ku Palo Alto, m'dera la California, ali ndi zaka 92. Koma chimene ophunzira amamkumbukira nacho koposa ndi mau ochepa amene ananena pa msonkhano wina mu 1967.

Mkangano wa ku Atlantic City

M'zaka zimenezo katswiri wina, Daniel Slotnick wa ku yunivesite ya Illinois, anali kukonza makina aakulu otchedwa ILLIAC IV, amene anafuna kuti akhale ndi mapurosesa 256 owerengera pamodzi. Anthu ambiri anayamba kunena kuti nthawi ya purosesa imodzi yatha, ndi kuti mtsogolo monse mudzakhala mwa dima. M'mwezi wa April 1967 akatswiri anasonkhana mu mzinda wa Atlantic City, ndipo Slotnick ndi Amdahl anaitanidwa kuti aliyense anene mbali yake.

Amdahl anatsutsa. Iye anati pa ntchito iliyonse ya kompyuta pali mbali ina imene singagawidwe, monga kusanja nambala, kuzisunga ndi kuzitulutsa, imene iyenera kuchitika motsatizana, china chitatha china. Pamene mbali imeneyo ili kuchitika, mapurosesa ena onse amangokhala chodikira. Poona ntchito zimene makompyuta ankagwira masiku amenewo, iye anaganiza kuti dima silingafulumizitse ntchito koposa ka 5 mpaka ka 7, ngakhale mapurosesa achuluke chotani. Pepala limene analemba linali lalifupi, ndipo munalibe samu yolembedwa. Anthu ena ndiwo pambuyo pake anaika ganizolo m'masamu nalitcha Lamulo la Amdahl. Makina a Slotnick anavutadi kupanga: anachedwa zaka zambiri, anadya ndalama zochuluka, ndipo anathera pa mapurosesa 64 okha.

Samu ya kachewere

Kuti lamuloli limveke bwino, tiyeni tiliike pa ntchito yathu ya kuno. Aphunzitsi, tengani mapensulo. Tiyerekeze kuti kalabu ya alimi ili ndi munda wa kachewere. Kukumba, kutola ndi kuthira m'matumba ndi ntchito ya maola 90 kwa munthu mmodzi. Kukumba kukatha, wogula afika ndi sikelo imodzi ndi kalaliki mmodzi, ndipo kuyeza matumba ndi kulemba m'buku kumatenga maola 10. Kukumba kungagawidwe, koma pa sikelo thumba limakwera limodzilimodzi. Onani tsono m'mene ntchito itherere:

Munthu 1: maola 90 kukumba, maola 10 pa sikelo, onse pamodzi maola 100.
Anthu 10: maola 9 kukumba, maola 10 pa sikelo, onse pamodzi maola 19.
Anthu 30: maola 3 kukumba, maola 10 pa sikelo, onse pamodzi maola 13.
Anthu 90: ola 1 kukumba, maola 10 pa sikelo, onse pamodzi maola 11.
Anthu 900: mphindi 6 kukumba, maola 10 pa sikelo, onse pamodzi maola 10 ndi mphindi 6.

Mwaona kodi? Anthu 10 oyamba aja achotsa maola 81. Kuonjezera ena 20 kwachotsa maola 6 okha. Kuitana anthu a midzi yonse kuyambira kuno mpaka ku Neno sikungatsitse ntchitoyo pansi pa maola 10, chifukwa sikelo ndi imodzi. Anthu 10 afulumizitsa ntchito ka 5, osati ka 10. Anthu 90 afulumizitsa ka 9, osati ka 90. Limeneli ndilo Lamulo la Amdahl. Ngati gawo limodzi mwa magawo 10 a ntchito silingagawidwe, ntchitoyo singafulumire koposa ka 10. Likakhala gawo limodzi mwa magawo 20, malire ake ndi ka 20. Ikakhala theka la ntchito, malire ake ndi kawiri kokha, ngakhale muitane dziko lonse.

Koma taonani chinthu china. Kalabu ija ikabwereka sikelo yachiwiri ndi kalaliki wina, maola 10 aja asanduka 5. Pamenepo anthu 30 okhala ndi masikelo awiri amaliza pa maola 8, kupambana anthu 900 okhala ndi sikelo imodzi. Phunziro lalikulu la Amdahl lagona pamenepa: munthu wanzeru, asanaitane anthu ambiri, ayambe wafufuza pamene pali sikelo imodzi.

Palinso zina zimene zimachedwetsa dima, ndipo makompyuta amakumana nazo zomwe. Ndime zikapanda kufanana, amene atsiriza msanga amaima kudikira amene wagwera pa nthaka yamiyala. Pamene ndime ziwiri zikumana, anthu awiri ayenera kumvana kuti mzere usapotoke, ndipo anthu akachuluka, nthawi yofunsana ndi kuyankhana imachulukanso. Mapurosesa nawonso ayenera kutumizirana nambala pa mawaya, ndipo nthawi zambiri kutumiza nambala kumachedwa koposa kuiwerengera. Ndiponso pali ntchito zina zosagawika konse: kachewere amakhwima pa miyezi 3 kapena 4, ndipo alimi 100 ataima m'munda sangamkhwimitse pa sabata imodzi.

Yankho la Gustafson

Kwa zaka pafupifupi 20 anthu ambiri anakhulupirira kuti mau a Amdahl atseka nkhani. Ankati nanga kupanga makina a mapurosesa 1,000 kupindulanji, ngati ntchito ifulumira ka 10 kapena ka 20 kokha? Koma mu 1988 John Gustafson, pamodzi ndi anzake Gary Montry ndi Robert Benner, a pa malo ofufuzira za sayansi a Sandia ku New Mexico, anaonetsa zodabwitsa. Pa makina a mapurosesa 1,024 anagwira ntchito zitatu za sayansi mofulumira koposa ka 1,000.

Kodi anathyola lamulo lija? Iyayi. Gustafson anati samu ya Amdahl ndi yoona, koma ili kuyankha funso la munthu amene safuna kukuza munda wake. Palibe munthu amene amaitana anthu 100 kudzalima kadimba ka kuseri kwa nyumba. Wokhala ndi manja ambiri amatsegula munda waukulu. Tiyerekezenso kuti tsiku la ntchito ndi maola 10. Ola loyamba mwini munda ali kuyeza ndi kugawa ndime, onse ali chiimire. Maola 9 otsalawo ndi olima. Anthu 100 akangolima kamunda kamene munthu mmodzi akadamaliza pa maola 9, ntchito singafulumire koposa ka 10. Koma aliyense akapatsidwa ndime ya maola 9, pofika madzulo agwira ntchito ya maola 900, kuphatikizapo ola lija logawa ndime, 901. Ntchito ya maola 901 yatha pa maola 10, ndiko kuti yafulumira ka 90. Mbali yosagawika ija ikadalipo, koma munda ukakula imachepa poyerekeza ndi ntchito yonse.

Chotero anthu awiriwa onse ananena zoona. Amdahl anatiuza malire a dima pa munda umene sukula. Gustafson anatiuza kuti phindu la dima lili pa kukuza munda. Amdahl analakwa poganiza kuti purosesa imodzi idzakhala yokwanira nthawi zonse, koma chenjezo lake silinafe, ndipo wophunzira aliyense wa makompyuta amaliphunzira kufikira lero.

Dima lili ponseponse

Cha m'ma 2005 opanga mapurosesa anafika pa khoma. Akafuna kuti purosesa imodzi ithamange koposa, inkatentha kwambiri ndi kudya magetsi ochuluka. Choncho makampani monga Intel ndi AMD anayamba kuika mapurosesa awiri, kenaka anayi ndi kupitirira, pa kachipangizo kamodzi. Lamya zambiri za m'manja zimene mumaona pa msika wa Tsangano Turn-off zili ndi timapurosesa 8 m'kati mwake. Dima lija limene akatswiri ankakangana nalo mu 1967 tsopano lili m'thumba la malaya.

Makina aakulu ndiye osaneneka. Mu 2022 kompyuta yotchedwa Frontier, ya ku Oak Ridge m'dera la Tennessee ku America, yokhala ndi mapurosesa oposa 8 miliyoni, inapambana masamu 1,000,000,000,000,000,000 pa sekondi imodzi. Kuti mumve kukula kwa nambala imeneyi, tiyerekeze kuti anthu onse a pa dziko lapansi, 8 biliyoni, aliyense achite samu imodzi pa sekondi, usana ndi usiku osagona: adzatha zaka pafupifupi 4 kuti afike pamene makinawo amafika pa sekondi imodzi. Kuno ku Africa, mu 2016 dziko la South Africa linatsegula kompyuta yotchedwa Lengau mu mzinda wa Cape Town, ya mapurosesa oposa 24,000, imene pa nthawiyo inali yaliwiro koposa zonse mu Africa muno. Onse opanga malangizo a makina otere amalimbana ndi funso lomwe lija la Amdahl, pakuti pa mapurosesa 1 miliyoni, kachigawo kakang'ono kosagawika kangathe kuimitsa gulu lonse.

Makompyuta ndi mvula yathu

Tsopano ndifike pa funso lija lakuti zimenezi zitithandiza chiyani. Ntchito imodzi yaikulu ya makina otere ndiyo kulosera za nyengo. Ganizo lake ndi lakale. Mu 1922, chaka chomwe Amdahl anabadwa, Lewis Fry Richardson wa ku England anatulutsa buku losonyeza kuti nyengo ya mawa ingathe kupezeka ndi masamu, ngati tidziwa mphepo, kutentha ndi chinyezi cha lero. Iye anayesa yekha ndi pensulo, ndipo kulosera za maola 6 okha kunamtengera masabata pafupifupi 6, yankho lake nkukhalanso lolakwika. Tsono analota za nyumba yaikulu yokhala ndi makalaliki 64,000, aliyense wowerengera kachigawo kake ka dziko ndi kupatsira anzake oyandikana naye zimene wapeza. Limenelo linali dima la masamu makompyuta asanabadwe.

Maloto amenewo anakwaniritsidwa. Bungwe la zanyengo la maiko a ku Europe, lotchedwa ECMWF, limene makompyuta ake anasamukira ku Bologna m'dziko la Italy mu 2022, limagawa mlengalenga monse m'timabokosi ta makilomita pafupifupi 9 m'lifupi, tosanjikizana ka 137 kuchokera pansi kukwera kumwamba. Purosesa iliyonse imapatsidwa ndime yake ya timabokosi. Koma mphepo sidziwa malire. Monga chiperoni chimachokera ku Mozambique ndi kulowa kuno osafunsa chiphaso, mphepo ya m'kabokosi kamodzi imalowa m'kanzake, ndiye chake mapurosesa amaima kawirikawiri kuuzana zimene zili m'malire a ndime zawo. Ndipo sikelo imodzi ija ilipo: dziko lingagawidwe, koma masiku sangagawidwe, pakuti nyengo ya Lachitatu singawerengedwe ya Lachiwiri isanadziwike. Pofuna kudziwa ngati yankho ndi lodalirika, amawerengera koposa ka 50, nthawi iliyonse atasintha pang'ono miyeso yoyambira. Mayankho ambiri akagwirizana, olosera amanena molimba mtima. Akasiyana, amati mwina. Chotero mukamva mau akuti mwina pa wailesi, musati anthuwo ali kungopeka.

A nthambi yoona za nyengo m'dziko lathu, imene likulu lake lili ku Blantyre, amaphatikiza zimene makina a maiko ena apeza ndi miyeso ya kuno kwathu, ndipo akatero ndi pamene amalengeza. Mlimi wa kachewere adziwa kuti masiku ozizira a mvula yamawawa ndiwo amabweretsa chiwawu. Akamva msanga kuti masiku otere ali kudza, angathe kupopera mankhwala nthawi isanathe. Adziwanso kuti kukumba nthaka ili chinyowere kumawoletsa kachewere m'matumba, ndi kuti galimoto imavutika pa matope a m'mapiri muno.

Koma pali zoposa kachewere. Namondwe wotchedwa Freddy anayamba m'mwezi wa February 2023 kufupi ndi Australia, nawoloka nyanja yaikulu ya India, nakhala masiku 36, koposa namondwe wina aliyense amene analembedwapo. Pa 11 March analowanso m'dziko la Mozambique kufupi ndi Quelimane, ndipo mvula yake inagwa koopsa m'chigawo cha kumwera cha dziko lathu. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ku Blantyre, ndiponso ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu. Anthu oposa 600 anapezeka atamwalira, ena oposa 500 anasowa, ndipo oposa 600,000 anasiya nyumba zawo. Njira ya namondweyo inali kutsatidwa ndi makompyuta tsiku ndi tsiku, ndipo machenjezo anaperekedwa iye asanafike. Apa mpamene Lamulo la Amdahl litiphunzitsa chinthu cholemera. Makina angathe kumaliza masamu awo m'maola owerengeka, koma chenjezo liyenera kuyenda kuchokera ku ofesi kufika pa khomo la munthu, munthuyo alikhulupirire, adziwe kothawira, nanyamuke. Ulendo wotsirizawu ukachedwa, liwiro lonse la makina lija lapita pachabe. Ifenso kuno tikhala m'mapiri, ndipo nkhani imeneyi si ya anzathu a kumwera okha.

Zoti titenge popita kwathu

Choyamba, pokonza ntchito ya mudzi, monga kumanga chipinda cha sukulu kapena kukonza mlatho, komiti iyambe yafunsa kuti, "Ndi mbali iti ya ntchitoyi imene singagawidwe?" Kuumba njerwa kungagawidwe, koma kuuma kwake ndi kuotcha uvuni kuli ndi masiku ake. Kututa mchenga kungagawidwe, koma ngati ngolo ndi imodzi, anthu 50 adzangokhala pansi kuidikira. Zosagawikazo ziyambidwe msanga, kapena zipezeredwe thandizo, anthu ambiri asanaitanidwe.

Chachiwiri, mlimi wolemba aganyu awerengere bwino. Ngati chochedwetsa ndi matumba, sikelo kapena galimoto, ndalama yolembera aganyu ena 10 ingapindule koposa itagula matumba kapena kulipira ngolo yachiwiri. Ndipo anthu akabwera ambiri pa dima, kumbukirani Gustafson: apatseni munda woyenera kuchuluka kwawo.

Chachitatu, chenjezo la mvula yoopsa lisadutse pakamwa pa munthu mmodzi yekha. Mthenga mmodzi wouza munthu mmodzi pa mphindi 5 zilizonse adzatha maola 85 kuti auze anthu 1,000 ndi kanthu. Koma aliyense amene wamva akauza mnzake mmodzi pa mphindi 5 zilizonse, akumva adzakhala 2, kenaka 4, 8, 16, ndipo pakutha pa mphindi 50 adzakhala 1,024. Mafumu, ndikupemphani kuti mvula isanayambe mupangane ndi anthu anu za amene adzauza nyumba ziti, amene adzanyamula okalamba ndi odwala, ndi malo amene anthu adzathawira. Mau otere amveke ku tchalitchi, ku mzikiti, ku sukulu ndi pa msika nthawi imodzi.

Chachinayi ndi cha inu aphunzitsi. Samu ya kachewere ija apatseni ana a Sitandade 7 ndi 8. Sinthani manambala, muwafunse kuti chabwino nchiti pakati pa kuonjezera anthu ndi kuonjezera sikelo. Gawirani kalasi yonse mndandanda wautali wa nambala zoti aphatikize, mzere uliwonse ndime yake, ndipo aone okha kuti potsiriza mwana mmodzi ayenera kusonkhanitsa mayankho onse anzake ali chidikirire. Mwana amene wamvetsa zimenezi wamvetsa chiyambi cha phunziro limene limaphunzitsidwa m'mayunivesite, ngakhale sanakhudzepo kompyuta. Muwauzenso kuti mwini lamuloli anali mwana wa mlimi, wophunzira m'sukulu ya chipinda chimodzi yopanda magetsi, ndi kuti chimene chinamtsegulira njira ndi masamu. Atsikana ndi anyamata a kuno ali ndi mitu yomweyo.

Mafumu, aphunzitsi, amayi ndi abambo, mau anga athera pamenepa. Amene ali ndi mafunso afunse tsopano, ndipo amene mwamva mukauzeko anzanu amene sanathe kubwera.